Mwana wa mlongo wanga wakhoza kupita kalasi 10 ku mishoni, ndalama za lar (nyumba yogona ana a sukulu) ndilibe. Ndiyambire pati?

Malume wa ku Domwe

Moni nonse abale. Ndine mlimi kuno ku Domwe, m'boma la Angonia, ku Mozambique. Ndimalima fodya pang'ono, ndi mbatatesi kudimba. Mlongo wanga anatisiya zaka zitatu zapitazo, nasiya mtsikana mmodzi. Bambo ake a mwanayo anapita ku Joni kalekale, ngakhale foni sayimba. Ndiye mwini mbumba ndine, mwanayo ali m'manja mwanga pamwamba pa anga anayi.

Mtsikanayu mutu wake umagwira. Wamaliza kalasi 9 pa sukulu ya mishoni, ndipo amagona ku lar ya masisitere chifukwa kuchokera kwathu ndi ulendo wa maola atatu wapansi. Mayi ake ndiwo anamulembetsa kumeneko miyezi yochepa asanagone pamphasa, ndipo anandiuza ndi pakamwa pawo kuti ndisadzamuchotse. Zaka zitatu ndakoka. Koma chaka chathachi matalala anang'amba fodya wanga, ndipo ngongole ya feteleza itadulidwa ndinabwera kunyumba ndi zochepa. Ku lar ndatsala ndi ngongole ya teremu yomaliza, 3,500 meticais. Tsopano Januwale wayandikira: matirikula (ndalama yolembetsera mwana kusukulu), ndalama za lar, yunifomu, mabuku. Sukulu imatsegula nkhokwe ili pansi, pamene ndalama ya fodya imayamba kuoneka cha m'ma Meyi.

Kodi ku sukulu za mpingo kuli chithandizo cha mabanja ngati langa? Ndikaone ndani, a diretori, asisitere, kapena bambo mfumu? Ndinene zoona, miyendo ikundilemera. Ukwati wanga sunadalitsidwe kutchalitchi, Ukaristia sindilandira, chakhumi ndinalekeza kale. Ndikuopa kuti akandifunsa zimenezo. Pamsika wina wandilonjeza 6,000 kuti ndidzabweze 9,000 fodya akagulidwa. Sindinayankhe.

Mphunzitsi Wopuma, Ulongwe

Achimwene, pepani ndi maliro a mlongo wanu, ndipo mwachita bwino kufunsa Disembala asanathe. Ndinaphunzitsa zaka zambiri, zina mwa izo pa sukulu ya mishoni, ndiye ndikufotokozereni mmene ndalamazi zimakhalira, chifukwa mukazisiyanitsa mudziwa khomo loti mugogode.

Pa 24 Julaye 1975 boma la a Samora Machel linatenga sukulu zonse, za mishoni zomwe. Mtendere utabwera mu 1992, mpingo unayamba kubwezeredwa malo ena ndi kumanga sukulu zatsopano. Zambiri mwa zimenezi ndi zija timati escola comunitária: nyumba ndi utsogoleri ndi za mpingo, koma aphunzitsi ambiri amalipidwa ndi boma. N'chifukwa chake mtengo wake sufanana ndi wa sukulu za eni ndalama za mumzinda wa Tete. Chimene chimalemera kwa ife akumudzi ndi lar, popeza chakudya cha mwana miyezi yonseyo boma silichilipira.

Chachiwiri, lamulo la maphunziro la 2018, Lei 18/2018, linati kuyambira kalasi 1 mpaka 9 mwana aphunzire mokakamizidwa ndipo pa sukulu ya boma asalipire matirikula. Mwana wanu watuluka m'chitetezo chimenecho. Kalasi 10 mpaka 12 amalipira kulikonse, ndiye musadabwe mtolo ukakula chaka chino.

Pepala limene muyenera kulithamangira ndi atestado de pobreza, pepala la boma lotsimikiza kuti banja ndi losauka. Yambani kwa anyakwawa kapena sekretariyo wa dera lanu akulembereni declaração, kalata yaumboni, yonena kuti mwanayo ndi wamasiye ndipo mukumulera ndinu. Mutenge cédula ya mwana, chiphaso chake chobadwira, ndi pepala la imfa ya mayi ake ngati lilipo, mupite nazo ku ofesi ya Acção Social, yoona za chisamaliro cha anthu, ku SDSMAS, nthambi ya boma yoona zaumoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu m'boma lanu. Pa sukulu ya boma pepalalo limathandiza kuti mwana akhululukidwe matirikula. Pa sukulu ya mpingo silikakamiza munthu, koma limalankhula m'malo mwanu, a diretori sakhalanso ndi chikaiko kuti mwina mukungodandaula. Musadikire Januwale, maofesi amadzaza ndipo ena amakhala pa tchuthi.

Za katapila uja, musagwire. Ndaona anthu atagulitsa dimba chifukwa cha teremu imodzi.

Mayi wa Mphakati, Tsangano

Bambo, nkhani ya ukwati yandikhudza, ndiyambe ndi imeneyo. Ine ndakhala msungichuma wa mphakati wathu zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo makalata a ana otere ndalembapo angapo. Sindinamvepo sisitere akufunsa ngati malume a mwana amalandira Ukaristia. Pa sukuluzi pamaphunzira ana a CCAP, a mipingo ina, ngakhale a kwa anthu a kudambwe. Chimene amayang'ana ndi mwana: amakhoza bwanji, khalidwe lake ku lar, ndiponso ngati kwawo kuli munthu amene amaonekera. Mwina bambo mfumu adzakunenani pang'ono za ukwatiwo, ndi ntchito yawo, inu mudzangoti ndamva. Zisakutsekereni njira.

Chimene chimawapweteka masisitere ndi kholo lokhala chete. Mwana amabwera ndi kachikwama, ngongole ya chaka chatha ili pomwepo, wamkulu osaoneka, foni osayankha. Pamenepo mwana ndiye amasenza manyazi, amayamba kubisala akaona asisitere oyang'anira ndalama. Musamutume mwanayo kukapempha. Pitani nokha, ndipo musapite chimanjamanja. Ngakhale 500 yokha ya pa ngongole ija, kapena thumba la mbatatesi, muike patsogolo, kenako mulankhule.

Ndipo mukalankhula musati "ndithandizeni" basi. Nenani chimene mungathe ndi mwezi wake. Mwachitsanzo: matirikula ndilipira tsopano, za lar ndidzalipira Juni fodya akagulidwa, pakadali pano ndibweretsa nyemba ndi chimanga ndikakolola. Lar imagula chakudya chaka chonse, ndiye ambiri amalandira mbewu m'malo mwa ndalama, amawerengera pa mtengo wa pamsika. Kwathu kuno bambo wina analipira teremu yonse ndi nkhuni ndi njerwa zimene anaumba. Mukagwirizana, alembe papepala, inu musunge lanu.

Kalata ya mphakati ipempheni Lamulungu likubwerali. Atsogoleri a mphakati wa kumudzi kumene mlongo wanu ankapemphera ndiwo abwino, chifukwa anamuika m'manda ndi iwowo. Kalatayo ipite kwa bambo mfumu, ndipo mufunse ngati parishi ili ndi gulu la Caritas, lothandiza osowa. Nthawi zina masisitere kapena ansembe amakhala ndi abwenzi akunja amene amalipirira mwana mmodzi mmodzi, timawatcha mapadrinyo. Koma ndisakunamizeni, malo amenewo ndi ochepa, opempha ndi ambiri, ndipo mayina amasankhidwa sukulu isanatsegule. Akakuuzani kuti palibe, si kuti akukudani.

Wa Minibasi, Moatize

Akuluakulu anena bwino, koma ine ndiyankhule mbali ina, a malume musandikwiyire. Muli ndi ana anu anayi. Kalasi 10, 11 ndi 12 ndi zaka zitatu, osati teremu imodzi. Mukapanikiza zonse pa mwana mmodzi, akazi anu adzaziwerenga mumtima, ndipo mtsikanayo adzamva mawu kukhitchini. Ine ndinamaliza kalasi 12 pa sekondale ya boma, ndikugona kwa azakhali ku Ulongwe, ndipo satifiketi yake ndi yomweyo, mayeso ndi a boma onse. Ngati muli ndi mbale wodalirika pafupi ndi sukulu ya boma, muwerengerenso njira imeneyo. Chimene ndingakane ndi kumuchitira lendi kachipinda yekha pa vila. Atsikana awiri a m'kalasi mwathu anabwerera kumudzi ndi mimba chifukwa cha zimenezo.

China: pa Facebook ndi WhatsApp pamayenda mauthenga oti pali bolsa ya mpingo yolipirira ana sukulu, tumizani ndalama ya fomu pa M-Pesa kapena e-Mola. Ndi akuba amenewo. Mlamu wanga anataya 1,200. Chithandizo chenicheni cha mpingo mumachipeza pamaso ndi pamaso, kuofesi ya parishi kapena ya sukulu.

Mayi wa Mphakati, Tsangano

Achimwene a ku Moatize, za akuba mwanena zoona. Koma kwa azakhali si onse amapeza mpata wowerenga. Mtsikana wamasiye akakhala kwa abale, kawirikawiri amasanduka wotunga madzi ndi wolera ana. Ku lar madzulo aliwonse kuli nthawi yowerenga, nyale ilipo, chipata chimatsekedwa. A malume ayambe agogoda kaye, akakanika ndiye aganize zinazo.

Malume wa ku Domwe

Ndabweranso abale, zikomo nonse. Aphunzitsi, declaração anyakwawa analemba tsiku lomwelo, koma pepala la imfa tinalibe, mlongo wanga anamwalirira kunyumba ndipo sitinakalembetse. Ku Acção Social andiuza kuti ndibwere ndi mboni ziwiri sabata yamawa. Ndipita ndi akulu a mphakati.

Mayi a ku Tsangano, ndinachita monga munanenera. Lachiwiri ndinamanga thumba la mbatatesi panjinga, ndi 700 imene akazi anga anatulutsa ku gulu lawo losunga ndalama la poupança. Ndinene pano kuti anatulutsa okha ndisanawapemphe, achimwene a ku Moatize amve. Asisitere aakulu anandilandira pakhonde. Ndisanatsegule pakamwa anandifunsa kuti bwanji chaka chonse sindinabwere kudzaona mwana. Ndinalibe choyankha. Kenako anatulutsa kaundula nandionetsa mmene mwanayo wakhozera, masamu ndi biyoloje ali pamwamba, ndipo anati mayi ake akuwakumbukira, ankabwera ndi nkhwani ndi mazira. Misozi inandilengeza pamaso pa munthu wamkazi, sindibisa.

Za ukwati sanafunse n'komwe.

Tagwirizana motere. Ngongole yakale aichotsera mbatatesi ndi 700 ija, yotsalayo ndidzamaliza Juni. Za lar za chaka chino andichotsera theka, theka linalo ndidzapereka nyemba ndi chimanga ndikakolola. Mwanayo azithandiza kumunda wa lar Loweruka, monga anzake ena amachitira. Za padrinyo anati mndandanda wa chaka chino unadzaza kale, koma dzina alilemba la chaka chamawa ngati kalata ya mphakati ndi atestado zifika Febuluwale asanathe. Matirikula ya kusukulu ndi nkhani ya a diretori, osati masisitere, ndiye kumeneko ndipita pepala la Acção Social likatuluka. Wa katapila ndamuuza kuti ayi.

Chatsala ndi mabuku a kalasi 10, makamaka a masamu, fizika ndi kemisitiri. Ngati alipo amene mwana wake anamaliza kalasi imeneyi ndipo mabuku angokhala m'nyumba, cha ku Ulongwe kapena Domwe, andiuze. Ndingagule pamtengo wotsika kapena kusinthana ndi mbatatesi, ndimapita ku Ulongwe Loweruka lililonse.