Mayeso a AWS Solutions Architect Associate: ndiyambire pati?

Kachingwe_net:

Moni nonse akuluakulu. Ndikufuna kulemba mayeso a cloud ya Amazon, AWS Certified Solutions Architect Associate, aja a SAA-C03, pakatha miyezi itatu. Za netiweki monga IP, subnet ndi DNS ndimazidziwako, Linux ndimaigwiragwira, koma za cloud ndangoonera mavidiyo basi. Kodi ndiyambe ndi mayeso oyambira a Cloud Practitioner kapena ndilunjike pa Associate? Nanga ndingayeserere bwanji mu akaunti ya AWS popanda kudzadzidzimuka ndi bilu ya madola, poti forex ndi yovuta kale? Komanso ndilembere kunyumba pa intaneti kapena ndipite kumalo olembera mayeso? Safunsa anadya phula, thandizeni.

Mkulu_wa_maseva:

Achimwene, ngati subnet ndi DNS mukuzidziwa, lunjikani pa Associate. AWS sikakamiza munthu kuyamba wakhoza Cloud Practitioner.

Mayesowo ali chonchi: mafunso 65, mphindi 130, mtengo madola 150. Pa mafunso 65 amenewo, ochongedwa ndi 50 okha. Ena 15 ndi oti AWS ikungowayesa ngati angadzagwire ntchito mtsogolo, ndipo sakuuzani kuti ndi ati, ndiye mukakumana ndi funso lachilendo kwambiri musataye mtima, sankhani yankho n'kupitirira. Malikisi amachokera pa 100 kufika pa 1000, kukhoza ndi 720. Funso losiya osayankha amalitenga ngati mwalakwa, pomwe kulakwa sikuchotsetsa malikisi. Musasiye funso lopanda yankho. Magawo ndi anayi: chitetezo 30 peresenti, kumanga zinthu zosagwa chisawawa 26, liwiro 24, kuchepetsa ndalama 20. Amaphatikiza zonse, simuyenera kukhoza gawo lililonse palokha.

Tsono pamene ambiri amagwera ndi apa. Mayesowa safunsa kuti S3, mosungira mafayilo mwa AWS, n'chiyani. Amakupatsani nkhani ya kampani ina, kenako nthawi zambiri mayankho anayi, ndipo kawirikawiri awiri kapena atatu mwa iwo angagwiredi ntchito. Chosiyanitsa ndi timawu tili kumapeto kwa funso. Mwachitsanzo: maseva a EC2 (maseva obwereka pa AWS) ali mu private subnet, amatumiza mafayilo ochuluka ku S3, ndipo funso likuti "MOST cost-effective". NAT Gateway, khomo lotulukira pa intaneti la maseva a private, itha kuwafikitsa ku S3, palibe akutsutsa, koma imalipitsa pa ola komanso pa GB iliyonse yodutsapo. Gateway endpoint ya S3, njira yolunjika ku S3 yosadzera pa intaneti, ndi yaulere. Yankho ndi endpoint. Mukaona "LEAST operational overhead", akufuna chinthu choti AWS ikusamalireni yokha, monga Lambda, Fargate kapena DynamoDB, osati choti inu muziika ndi kukonza pa EC2. Mukaona "highly available", yankho la Availability Zone (AZ, malo apadera osungirako maseva a AWS) imodzi lafa kale. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba kuwerenga chiganizo chomaliza cha funso, kenako n'kubwerera pamwamba mukudziwa chimene mukusaka.

Pali zinthu zofananafanana zimene muyenera kuzisiyanitsa ngakhale atakudzutsani pakati pa usiku.

Security group ndi network ACL, zonse ziwiri zotchinga za pa netiweki. Security group imakumbukira: ikalola pempho kulowa, yankho limatuluka lokha, ndipo malamulo ake ndi ololeza okhaokha. Network ACL sikumbukira kanthu, imaona kulowa ndi kutuluka padera, imatsata manambala a malamulo kuyambira wamng'ono, ndipo imatha kukaniza. Funso likati tsekerani IP imodzi yovutitsa, security group singathe, ndi ntchito ya network ACL kapena WAF.

Multi-AZ ndi read replica pa RDS, service ya ma database. Multi-AZ ya nthawi zonse ija imasunga database yachiwiri ku AZ ina yongodikira kuti yoyamba ikagwa ilowe m'malo. Simuwerengako. Read replica ndi yopepukitsa katundu wa kuwerenga, ndipo imatsalirako pang'ono chifukwa kukopera kwake si kwa nthawi yomweyo. Funso la malipoti amene akuchedwetsa database likufuna read replica, koma anthu amathamangira Multi-AZ chifukwa dzina likumveka lamphamvu.

Pa mitundu ya kasungidwe ka mafayilo mu S3 lowezani masiku: Standard-IA amakulipitsani masiku osachepera 30, Glacier Flexible Retrieval 90, Glacier Deep Archive 180, ndipo kutulutsa fayilo ku Deep Archive kumatenga mpaka maola 12 pa njira ya standard. Akati sakudziwa kuti mafayilo azitsegulidwa kangati, ndi Intelligent-Tiering. Pa SQS, mzere wa mauthenga odikira kugwiridwa, uthenga ukamagwiridwa kawiri, onani visibility timeout, nthawi imene uthenga wotengedwa umabisika: imayambira pa masekondi 30, ndiye ngati ntchito ikutenga mphindi ziwiri, uthengawo umaonekanso pamzere woyamba asanamalize, wina n'kuutenganso. Lambda, yoyendetsa code popanda inu kusamala seva, imathera pa mphindi 15. Ntchito ya ola lathunthu musaipatse Lambda ngakhale funso litakometsa bwanji.

NaCloud:

Pa Cloud Practitioner ndisiyana nanu pang'ono akulu. Mukakhoza mayeso alionse a AWS amakupatsani voucher yochotsera theka pa mayeso otsatira. Cloud Practitioner ndi madola 100, Associate n'kutsika kufika pa 75, zonse pamodzi 175. Kusiyana kwake ndi kulunjika pa Associate ndi madola 25 okha, koma muli ndi masatifiketi awiri komanso mwazolowera kale mmene mayeso a Pearson VUE, kampani yolembetsa mayeso a AWS, amayendera. Choipa chake ndi nthawi: masabata atatu kapena anayi apita pa miyezi yanu itatu ija. Ngati tsiku silikukupanikizani, njirayi si yoipa.

Za bilu tsopano, poti apa ndi pamene pamalirira anthu. Tsiku lotsegula akaunti, musanayatse seva ngakhale imodzi, ikani MFA (chitsimikizo chachiwiri polowa) pa root, yemwe ndi user wamkulu wa akaunti, pangani user wina wogwirira ntchito za tsiku ndi tsiku, root muisiye. Kenako ku AWS Budgets ikani malire a madola 5 kuti azikutumizirani imelo. Koma dziwani kuti budget yotereyi imangochenjeza, sizimitsa kanthu, ndipo chenjezolo limachedwerapo. Malamulo a Free Tier, zaulere za akaunti yatsopano, anasinthanso mu 2025, choncho zimene mavidiyo akale amanena kuti ndi zaulere kwa miyezi 12 musazikhulupirire musanawerenge tsamba la billing la akaunti yanu.

Zodya ndalama mwakachetechete ndi izi. NAT Gateway ku region ya us-east-1 (Virginia) ndi madola 0.045 pa ola, ndiye ikaiwalika mwezi wathunthu yadya pafupifupi 33, isanadutsepo ngakhale GB imodzi. Kuyambira February 2024, IPv4 iliyonse ya public imalipitsa madola 0.005 pa ola, kaya ikugwira ntchito kaya ayi. EC2 mukangoiimitsa, disiki yake ya EBS imapitiriza kulipitsa. RDS mukaiimitsa imadzuka yokha pakatha masiku 7, ndipo ambiri sadziwa zimenezi. Chinanso, console imakuonetsani region imodzi pa nthawi imodzi, ndiye chinthu chimene munayatsa ku Ireland simuchiona muli ku Virginia, mumangoti zonse ndazimitsa. Sankhani region imodzi, mukhazikike pamenepo. Ya Cape Town, af-south-1, ili pafupi nafe, koma muyenera kuitsegula kaye pa akaunti ndipo mitengo yake ndi yokwererapo. Pophunzira, us-east-1 ndi yokwanira.

Choti mumange ndi chimodzi, koma muchimange kangapo. VPC, netiweki yanuyanu mu AWS, ya 10.0.0.0/16, ma subnet anayi a /24 m'ma AZ awiri, awiri a public awiri a private. Pa /24 iliyonse AWS imasungapo ma IP 5, otsala ndi 251. Lumikizani internet gateway, ndipo pa route table ya ma subnet a public ikani 0.0.0.0/0 kuloza ku gateway imeneyo. Mzere umenewu ndi umene umachititsa subnet kukhala ya public, osati dzina limene mwaipatsa. Application Load Balancer (yogawa mapempho ku maseva) ikhale ku public, Auto Scaling group (yodzutsa ndi kuzimitsa maseva yokha) ya maseva awiri ku private, RDS kumbuyo. Security group ya maseva ilole port 80 kuchokera ku security group ya load balancer yokha, ya database ilole 3306 kuchokera ku ya maseva yokha.

Zikayenda, ziwonongeni dala. Pa network ACL tsekani kutuluka kwa ma port 1024 mpaka 65535, muona tsamba likungozungulira osatseguka, chifukwa pempho lalowa koma yankho latsekeredwa m'kati. Lakwitsani dala njira ya health check pamene Auto Scaling ikumvera load balancer, muona ikupha maseva abwinobwino n'kumadzutsa ena, osaleka. Zimitsani seva imodzi muone ina ikubadwa. Chimene mwachiona chikufa m'manja mwanu simudzachiiwala m'mayeso. Ulendo wachiwiri mangani zonsezi ndi CloudFormation, yomanga zinthu kuchokera mu fayilo ngati gulu limodzi lotchedwa stack, kuti pomaliza mungofafaniza stack, pafupifupi zonse zipitire limodzi tsiku lomwelo.

Kachingwe_net:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka za RDS yodzuka yokhayo. Nanga ndidzadziwa bwanji kuti ndakonzeka? Pa WhatsApp pakuyendanso ma PDF amene akuti ndi mafunso enieni a mayeso, ndiwatenge?

Mkulu_wa_maseva:

Asiyeni amenewo. Ndi kubera mayeso, ndipo AWS ikatulukira imatha kukulandani satifiketi n'kukuletsani kulembanso. Kuwonjezera apo mayankho ake ambiri ndi olakwika kapena akalekale.

Yambani ndi Exam Guide ya SAA-C03, ndi yaulere pa tsamba la AWS, ndipo ili ndi mndandanda wa ma service amene amalowa m'mayeso ndi amene salowa. Pa AWS Skill Builder pali mafunso 20 oyeserera aulere, okuonetsani kalembedwe kawo. Masabata anayi omaliza muzilemba mayeso oyeserera athunthu, mafunso 65, wotchi ili pambali, osatsegula buku. Ola limodzi lolemba lizitsatana ndi maola awiri obwereza. Pa funso lililonse, ngakhale limene mwakhoza, muzitha kufotokoza chifukwa chimene mayankho atatu enawo alili olakwika. Mukalephera kufotokoza, ndiye kuti munangolota, lembani m'kope ngati lolakwa. Mukamapeza 80 peresenti pa mapepala awiri kapena atatu amene simunawaonepo, lembetsani. Pepala lobwereza kachitatu silikuuzani kanthu, mwangoloweza kuti yankho ndi C.

Fundi_wa_ma_router:

Funso lachitatu lija, la kolembera mayeso, palibe waliyankha. Musanalembetse n'komwe, lowani mu akaunti yanu ya AWS Certification, pa exam accommodations pemphani ESL +30. Ndi mphindi 30 zowonjezera kwa amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndiye 130 ija ikhala 160. Mumapempha kamodzi kokha, koma zikhale musanasankhe tsiku, chifukwa sizilowa pa mayeso amene mwalembetsa kale. Mafunso ake ndi ataliatali, mphindi zimenezi mudzazifuna. Anzathu a ku Tete ndi ku Niassa dziwani kuti mayesowa aliponso m'Chipwitikizi cha ku Brazil.

Za kunyumba: pulogalamu yake ndi OnVUE. Mumayamba kulowa kutatsala mphindi 30, kujambula chiphaso, nkhope ndi chipinda chonse. Patebulo pasakhale pepala, foni ikhale patali, sikirini yachiwiri izulidwe. Simuloledwa kuchoka pa kamera, kuwerenga funso mokweza, kapena kuti wina alowe m'chipindamo. Mwana akangotsegula chitseko, woyang'anira atha kuimitsa mayeso. Ndiye ganizirani magetsi athu. Laputopu ili ndi batire, inde, koma rauta ikazima pakati pa funso la 40 muli pamavuto. Ngati palibe kuchitira mwina, rauta ikhale pa UPS kapena inveta, bandulo ikhale yokwanira kutumiza vidiyo maola atatu, ndipo system test muichite pa laputopu yomweyo, intaneti yomweyo, nthawi yofanana ndi ya mayeso. Laputopu ya kuntchito ipeweni, VPN ndi zotchinga zake zimakonda kukaniza OnVUE.

Kumalo olembera za magetsi ndi intaneti zili m'manja mwa eni malo, ndipo amakupatsani kabolodi kolembapo, komwe kamathandiza kujambula VPC funso likakola. Ngati tsamba la Pearson VUE likuonetsa malo amene mungafikeko, pitani kumeneko. Tengani ziphaso ziwiri, ndipo dzina la pa akaunti lifanane ndendende ndi la pa chiphaso cha unzika kapena pasipoti, apo ayi akubwezani pakhomo ndalama zitapita. Khadi lolipirira lifunseni kubanki msanga ngati likuloledwa kulipira madola pa intaneti. Kusintha tsiku kumatheka mpaka kutatsala maola 24. Zotsatira zimabwera pasanathe masiku 5 ogwira ntchito. Mukalephera mumadikira masiku 14 n'kulipiranso madola 150 onse, mukakhoza satifiketi imakhala zaka 3.