Hatchi ikutsimphina mosinthasintha miyendo koma palibe bala: ndiyambire pati?

Akuluakulu a pa gulu lino, makamaka inu amene mumaweta mahatchi kapena munaphunzira za matenda a ziweto, ndikupempha nzeru. Ndimasamalira mahatchi okwera pa famu ina ku Thyolo, ndipo imodzi mwa mahatchiwo, yaimuna yofula ya zaka 8, yakhala ikutsimphina kuyambira pamene mvula inayamba. Chimene chandithetsa nzeru n'chakuti kutsimphinako sikukhazikika pa mwendo umodzi. Poyamba unali mwendo wakutsogolo wakumanzere, ndipo ndinadziwa zimenezi chifukwa ikamathamanga pang'onopang'ono pamalo olimba inkadzutsa mutu nthawi zonse mwendowo ukaponda pansi, koma patapita masabata angapo vutolo linasamukira kumbuyo, moti tsopano imayenda moumitsa thupi ndipo siitaya miyendo ngati kale.

Ziboda zonse ndinazitsuka ndi kuziunika bwinobwino. Sindinapeze msomali, mwala kapena fungo la kuola kumene kumabwera ndi matope a dzinja, ndipo nditazifinya ndi chopanira sinadzidzimuke paliponse. Ziboda sizikutentha, mtsempha wa pamwamba pa chiboda sukugunda mwamphamvu, ndipo mfundo za miyendo sizinatupe. Nkhupakupa zimene zimakonda kubisala m'kakhwawa ka kuseri kwa chiboda ndinazichotsa, koma palibe chasintha. Chishalo ndasiya kuiveka ndipo palibe amene akuikwera. Ikapatsidwa phenylbutazone, mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, imayenda bwino, koma mankhwalawo akangotha m'thupi imayambiranso, ndipo sindikufuna kupitiriza nawo chifukwa amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso akaperekedwa kwa nthawi yaitali.

Imadya msipu wa kikuyu tsiku lonse, ndipo m'mawa ndi madzulo timaipatsa madeya a chimanga othira mchere pang'ono. Kodi ndiumirire kuti ijambulidwe ekisire, pamene sindikudziwa ngakhale mwendo woti ujambulidwe, kapena pali china choyenera kuyambira?

Yankho

Bambo, mwachita bwino kutchula chakudya, chifukwa m'kuona kwanga nkhani yagona pamenepo. Kutsimphina koyendayenda kotere, kopanda kutentha kapena kutupa, kumatha kuchokera m'mafupa. Madeya ali ndi mchere wa fosiforasi wambiri koma kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, wochepa kwambiri, ndipo udzu wa kikuyu, monganso setaria, uli ndi oxalate amene amamanga kashiamu m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Hatchi yodya ziwirizi pamodzi imayamba kukoka kashiamu m'mafupa ake omwe, mafupawo n'kufooka, ndipo ululu umamveka apa lero, apo mawa. Ng'ombe sizivutika kwenikweni ndi udzu womwewo chifukwa tizilombo ta m'chifu mwake timaphwanya oxalate, n'chifukwa chake anthu ozolowera ng'ombe vutoli amaliphonya. Azungu amalitchula kuti big head, chifukwa limatupitsa mafupa a nkhope.

Imani kutsogolo kwa hatchiyo, muifanizire ndi inzake ya msinkhu womwewo. Pititsani zala pa mafupa a pamwamba pa mphuno, pakati pa maso ndi mphuno, ndiponso m'munsi mwa nsagwada, muone ngati akhuthala mbali zonse ziwiri. Onaninso ngati ikutafuna movutika kapena kugwetsa chakudya, popeza mano amayamba kugwedera. Nkhope ikapanda kutupa musathamangire kunena kuti si matendawa, chifukwa hatchi zazikulu zimatha kutsimphina nkhope isanasinthe.

Dokotala wa ziweto muitanebe, ndipo masiku angapo asanafike musaipatse phenylbutazone, chifukwa amabisa zomwe iye akufuna kuona. Adzaithamangitsa molunjika ndi mozungulira, adzapinda mfundo iliyonse kwa kanthawi n'kuithamangitsanso, ndipo ngati kuli kofunika adzabaya jakisoni wochititsa dzanzi kuyambira kuchiboda kukwera m'mwamba mpaka kutsimphina kutasiya. Ekisire imakhala ndi phindu malo akadziwika. Mumuuzenso kuti kuyeza kashiamu m'magazi kokha kunganamize, chifukwa thupi limamusunga pa mlingo wabwino pomwe mafupa akutha.

Pakadali pano chepetsani madeya, ipatseni lucerne, msipu wa m'gulu la nyemba wokhala ndi kashiamu wambiri, ngati mungamupeze, ndipo mufunse dokotalayo mlingo wa laimu wa ziweto woyenera kusakaniza m'chakudya, kuti kashiamu akhale pafupifupi magawo 2 pa gawo limodzi la fosiforasi. Laimu wake ndi wa ziweto, osati wopaka nyumba. Mafupa amatenga miyezi ingapo kuti alimbenso, choncho isakweredwe ngakhale itaoneka ngati yachira, ndipo mahatchi enawo, poti akudya zomwezo, muwaunikenso.