Manotsi a mtima sakuwerengeka pa laputopu ya mwana wosaona

Mphunzitsi wa Biology: Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. M'kalasi mwanga muli mtsikana wosaona amene amagwiritsa ntchito laputopu yokhala ndi NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza ija. Ndamupatsa manotsi a kayendedwe ka magazi pa PDF, koma akuti kompyuta yangoti zii. Mulinso mnyamata wachialubino amene amaona movutikira. Sindikufuna atsalire.

Mphunzitsi wa makompyuta: Madamu, manotsiwo munawajambula ndi foni? Ngati ndi choncho, kompyuta ikuona chithunzi, osati zilembo. Atseguleni mu Google Docs, imatha kusandutsa chithunzi kukhala mawu, koma muwerengenso nokha chifukwa nthawi zina imaphonya. Mitu muiike ndi Heading 1 ndi Heading 2, osangoikulitsa, kuti mwanayo azidumpha kuchoka pamutu wina kupita pa wina.

Mphunzitsi wa Biology: Zikomo, mawu atheka. Nanga chithunzi cha mtimacho?

Mphunzitsi wa maphunziro apadera: Chimenecho achione ndi zala. Tengani katoni, mumate ulusi wokhuthala kuzungulira zipinda zinayi zija. M'mabuku amasiyanitsa magazi ndi mtundu wofiira ndi wabuluu. Inu mbali imodzi mumate mchenga, inayo ikhale yosalala. Musadzazemo zambiri, chala chimasokonezeka mizere ikathinana. Zilembo za Braille sizichepetsedwa, timadontho 6 tija timafuna malo ake, ndiye pachipinda chilichonse ikani zilembo ziwiri zokha, matanthauzo ake papepala lina. Ndipo pophunzitsa musamati "magazi akuchoka apa kupita apa". Nenani kuti akuchoka m'chipinda chapansi chakumanja kupita kumapapo. Ngakhale oona amapindula nazo.

Mphunzitsi wa masamu: Mnyamatayo mungomukulitsira manotsiwo pa fotokope ya pepala lalikulu la A3.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera: Pepani bambo, pamenepo ndikusiyana nanu. Mwana amene amawerenga pepala lili pafupi ndi maso amatopa kulondola mzere wautali choncho. Kuli bwino pepala la A4 la masiku onse lomweli, mtundu wa zilembo ukhale Arial pa saizi 18, zilembo zakuda bii papepala losanyezimira. Akhale kutsogolo, dzuwa lisamuwombe m'maso. Koma mufunseni mwini wakeyo, ana oona movutikira safanana.

Mphunzitsi wa Biology: Mawa ndimusindikizira ndime imodzi pa saizi 16, 18 ndi 24 asankhe yekha. Katoniyo ndipanga ndi kalasi yonse, mtsikanayo azitiuza pamene chala chikusochera.