Thandizeni akuluakulu, mayina a ma dynamic queue pa IBM MQ andizunguza mutu

Wofunsa:
Moni nonse m'gulu muno. Ndangoyamba kumene kuyang'anira IBM MQ, pulogalamu yotumizira mauthenga pakati pa mapulogalamu ena, pa kampani ina kuno ku Blantyre ndiye pali chinthu chikundisowetsa tulo. Mapulogalamu athu akamatumiza request amatsegula model queue, yomwe ili ngati chikombole, kuti apange dynamic queue, ndiye kuti queue (mzere wa mauthenga) yatsopano yolandirira yankho, koma mayina ake amangobwera AMQ. kenako manambala ndi zilembo zosamveka, lero ndazipeza mbwee ndipo sindikudziwa kuti iyi ndi ya pulogalamu iti, abwana akuti ndichotse zosagwira ntchito koma ndikuopa kufufuta ya eni ake muli mauthenga. Mayinawa amachokera kuti, ndipo angasinthike?

Yankho 1:
Achimwene musafufute kaye chonde. Dzinalo limachokera pa DynamicQName, malo olembapo dzina mu MQOD (fomu yofotokoza queue), nthawi ya MQOPEN pomwe pulogalamu ikutsegula model queue. Opanga pulogalamu akapanda kuikapo lawo pamakhala AMQ.*, pa z/OS (ma mainframe a IBM) ndi CSQ.*, ndiye queue manager, pulogalamu yoyang'anira ma queue, imachotsa kanyenyeziko n'kuikapo zilembo zake kuti dzina lisafanane ndi lina. Auzeni aike chiyambi chawo, mwachitsanzo MALIPIRO.REPLY.* basi muzizindikira mwini wake pongoona. Koma kanyenyeziko kakhale kumapeto ndipo kasapitirire malo a 33 poti dzina lonse malire ake ndi zilembo 48, mukaphonya mulandira error 2011 yoti dzinalo ndi lolakwika.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri bwana. Nanga titangochotsa kanyenyeziko dzina lizikhala lomwelo?

Yankho 1:
Zimatheka koma wachiwiri akadzafuna kupanga queue ya dzina lomwelo yoyamba ikadalipo amubwezera error 2100 yoti dzinalo lilipo kale, ine sindingakulangizeni zimenezo.

Yankho 2:
Ine chikundidetsa nkhawa si mayinawo ayi, n'chifukwa chiyani zikuunjikana? Lowani mu runmqsc, polembera ma command a MQ, mulembe DISPLAY QLOCAL(AMQ.*) DEFTYPE CURDEPTH IPPROCS OPPROCS. Izi zikuonetsani mtundu wa queue, mauthenga ali momo ndi amene aitsegula. Ya mtundu wa TEMPDYN imachoka yokha amene anaipanga akaitseka, pomwe ya PERMDYN imakhalabe mpaka wina aifufute kapena pulogalamu itseke ndi MQCO_DELETE. Komanso musathamangire kusintha model ikhale TEMPDYN ngati mayankho anu ali persistent, oti asatayike queue manager ikazima, imawakana ndi error 2048. A JMS, olemba mapulogalamu mu Java, chiyambi cha dzina amaika pa TEMPQPREFIX mu connection factory.

Wofunsa:
Ndaona tsopano, pafupifupi zonse ndi PERMDYN ndipo zambiri palibe wazitsegula, zina muli uthenga umodzi umodzi wotsalira. Zopanda kanthuzo ndiyamba nazo mawa ndikalankhula ndi ma developer. Funso lina, tikasintha chiyambi kukhala MALIPIRO.REPLY.* ndiyenera kupereka chilolezo chatsopano ndi setmqaut kwa pulogalamu yoyankha ija kuti isamalandire error 2035 yoti ilibe chilolezo?