Kodi mudzi waung'ono ungakhale ndi tsamba lakelake pa Wikivoyage?

NaBanda: Moni akuluakulu. Pa Wikivoyage, webusaiti yotsogolera apaulendo yomwe aliyense angalembemo, ndikuona masamba a zigawo ndi matauni, koma midzi yambiri mulibe. Kodi munthu angangoyambitsa tsamba la mudzi uliwonse? Nanga amaulumikiza bwanji ndi chigawo chake?

Mlondamapu: Ayi mayi, si mudzi uliwonse. Akonzi amayamba adzifunsa kuti, kodi mlendo angapeze pogona kumeneko? Ngati kulibe nyumba yogona alendo ngakhale malo okhomapo tenti, nkhani za mudziwo zilembeni pa tsamba la tauni yoyandikana nayo, ndipo dzina la mudzi likhale redirect, cholozera chongopititsa owerenga ku tsamba la tauniyo. Mukaumirira kutsegula tsamba la mudziwo, anzanu adzaliphatikiza ndithu ndi la tauni. Ngati pogona palipo, tengani templeti (chikombole cha tsamba chokonzedwa kale) ya tauni yaing'ono, mitu yake musaisinthe: Understand, Get in, Get around, See, Do, Buy, Eat, Drink, Sleep, Connect, Go next. Yambirani pa Get in. Tsamba losanena kuti munthu afika bwanji n'lopanda ntchito, ngakhale mbiri ya mudziwo itakoma chotani.

AChisale: Zolumikizazo n'zosavuta, pansi pa tsamba mumaika templeti ya IsPartOf n'kulembamo dzina la chigawo, kenaka n'kukawonjezera mudziwo pa tsamba la chigawocho. Pomwe anthu amagwa m'mbuna ndi pa malire, chifukwa malire amasintha. Ku England zigawo zomwe amazitcha county anazidulanso pa 1 April 1974, mwakuti tauni ya Abingdon, yomwe inali ku Berkshire, lero ili ku Oxfordshire. Wokopera m'buku lakale aiika kolakwika. Chigawo cha Middlesex ndiye khonsolo yake inatheratu mu 1965, koma dzinalo anthu sanalisiye. Chinanso ndi maina ofanana: Newport ili ku Wales, ina ku Isle of Wight, inanso ku Rhode Island. Fufuzani kaye musanatsegule tsamba, ndipo dzina likafanana ndi lina muwonjezerepo chigawo.

Mlondamapu: Ndinaiwala za manambala a pamapu. Woyamba ndi latitude (kumpoto kapena kumwera), longitude (kum'mawa kapena kumadzulo) pambuyo. Kumwera kwa equator ndi kumadzulo kwa Greenwich mumaika minus, mukaiwala chizindikirocho mudzi wanu ukaonekera kutsidya lina la dziko, mwinanso pakati pa nyanja. Manambala anayi pambuyo pa kadontho amalozera malo mpaka mamita pafupifupi 11, asanu mpaka mita imodzi. Opitirira apo n'kungodzivutitsa.

Gogo_wa_Wiki: Mwana wanga, musakopere ndime pa webusaiti ya hotela kapena m'buku. Zolembedwa pa Wikivoyage zimayendera laisensi ya CC BY-SA, yolola aliyense kuzigwiritsanso ntchito, ndiye zobedwa amazichotsa. Mawu otsatsa malonda, oti "malo okongola zedi, ofunika osaphonya", nawonso amafufutidwa. Lembani adiresi, nthawi yotsegula, mtengo, ndi tsiku lomwe mwatsimikiza zimenezo. Zithunzi muzikweza ku Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi yomwe Wikivoyage imagwiritsa ntchito, zojambula nokha. Wina akabweza zomwe mwalemba musabwezerenso, kambiranani pa tsamba la zokambirana, n'kusayina ndi tizizindikiro tinayi iti ~~~~