Ndimusiyire ziti mtsikana wapashopu? Ndatopa ine

Membala wobisa dzina:
Moni nonse. A Admin ndibiseni chonde, pagulu pano pali anthu a kutchalitchi kwathu. Ndili ndi golosale ku Nsungwi, Area 25, ndipo pakhonde ndinaika tebulo la Airtel Money ndi Mpamba. Chilichonse ndimachita ndekha: kulandira buledi m'mamawa, kumanga shuga ndi mafuta m'timapepala, kukapikula m'tauni, kuwerenga ndalama usiku. Tsiku lokapikula ndimatseka mpaka masana, makasitomala onse n'kukhamukira kwa mayi wina amene watsegula yake moyang'anana ndi yanga. Mayi ameneyu ankabwera ngati mnzanga, kumandifunsa mitengo, osadziwa kuti akuphunzira. Alandilodi nawo akweza lendi chonsecho denga likudontha pomwe pamakhala ufa. Bambo akunyumba akudandaula kuti nsima ikumachedwa, pomwe iwowo Loweruka amaswera pa bawo. Maliro a azakhali anga ku Dowa ndinangokaonekera n'kubwerera, abale akundinena mpaka lero.

Mtsikana wondithandiza alipo, koma ndikamusiyira mtima sukhala m'malo, ndisanakwere n'komwe minibasi ndamuimbira kale. Tsiku lina ndinapeza shoti, iye akuti sakudziwa. Anzanga mumatani kuti wantchito azigwira zina inu kulibe? Musandinyoze chonde.

Mkulu wa Hardware:
MUSAYEREKEZE. Ndalama sasiyira munthu. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, mayi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine ndili ku Limbe kokaoda, mnyamata wanga anagulitsa simenti yonse pa mtengo wakale kwa anzake, madzulo n'kukagawana. Mpamba wa bizinesi unathera pomwepo. Panopa makiyi ndimagona nawo.

Nachisale:
Asisi, mtsikanayo ndi ndani wanu? Mumamulipira zingati? Shotiyo inali ya ndalama zingati, ya m'shopu kapena ya floti, ndalama zoyendetsera Airtel Money ndi Mpamba zija? Simunanenepo chimodzi.

Mnyamata wa Kabaza:
Ine ndaima pa nkhani ya bawo kkkk. Abambowo ndiye woyamba kuwagawira ntchito. Ayambe ndi kuvundula nsima.

Mayi Mvano:
Iwe usamanyoze mabanja a eni. Mayi, muzipemphera naye mtsikanayo musanatsegule. Komanso mayi woyang'anana nayeyo musamulandirenso ndalama yoti musinthe m'mawa, ena amakokera nazo makasitomala.

Mnyamata wa Kabaza:
Ndiye tachoka pa wantchito tafika pa zitsamba.

Wa Salon ku Zingwangwa:
Yambani ndi chinthu chimodzi chowerengeka. Mupatseni buledi ndi zakumwa zikhale zake. M'mawa muwerengere limodzi, mwachitsanzo malofu 20 ndi makireti 3, mulembe m'kope, asaine. Madzulo zotsala ndi ndalama zigwirizane. Aziimbira yekha obweretsa buledi, inu osalowererapo. Akakwanitsa mwezi, muonjezere sopo ndi shuga. Floti isiyeni kaye, imeneyo ndi yomaliza chifukwa akuba a mauthenga abodza amasaka atsikana achilendo omwe.

Mkulu wa Hardware:
Kope? Kkkk mayi inu simunaberedwepo. Amalemba makope awiri anthu amenewa, lanu ndi lawo. KAMERA BASI.

Wa Salon ku Zingwangwa:
Kamera ikamazima magetsi mumatani, bambo? Ndipo ngati simunamuuze mnyamata wanu kuti mitengo yasintha, amayenera kulota?

Mkulu wa Hardware:
Dziko lonse linamva pa wailesi. Musamaikire kumbuyo akuba.

Achimwene a ku Joni:
Kuno ku Johannesburg ndimagulitsa m'shopu ya bwana wina, amabwera kamodzi pa sabata. Katundu yense ali mu kompyuta, ukagulitsa amaona pa foni. Koma osatumiza ndalama kumudzi kuti akuyendetsereni bizinesi. Ine ndinatumiza za chigayo kwa mchimwene wanga weniweni, ndinakapeza maziko okha ndi mkazi wachiwiri.

Nachisale:
Pepani achimwene, koma funso langa silinayankhidwe. Ngati ndi mlamu wawo kapena mwana wa achemwali awo, malangizo ndi ena. Wachibale sungamudule malipiro, sungamuchotse popanda mlandu wa kumudzi.

Mphunzitsi Wopuma:
Tinenenso chilungamo. Eni mashopu ambiri amatapa okha m'kabati. Mwana wabwera kufuna ya sukulu, mwatapa. Mayunitsi a magetsi atha, mwatapa. Ndiwo, mwatapa, ndi paketi ya shuga ya kunyumba pamwamba. Osalemba. Madzulo shoti, wakuba ndi mtsikana. Inunso muzilemba chilichonse chimene mwatenga, pamaso pake. Ndipo mumuuze malire momveka: ngongole ayi, kupatula anthu amene mwawalemba mayina kuchikuto cha kope; kutsitsa mtengo ayi; ndalama zikafika pakuti azitsekera kwina. Zotsalazo aziganiza yekha. Munthu womuimbira foni mphindi iliyonse amasiya kuganiza, amangodikira foniyo.

Mkulu wa Hardware:
Aphunzitsi munagulitsapo chiyani inu kupatula choko?

Mphunzitsi Wopuma:
Ndili ndi nkhuku za mazira ku Lumbadzi, ndipo mnyamata amene amaziyang'anira sindinamusinthepo. Inu mwasintha angati?

Mtsikana Wogulitsa:
Ndilankhuleko ife ogulitsafe. Timatsegula kusanache, kutseka usiku, Lamulungu lomwe, nkhomaliro ndi bonya. Malipiro mpaka uchite kukumbutsa, kenako akudule ya botolo limene anaswa mwana wawo. Boma limaika malipiro ochepetsetsa koma ndi angati amatsatira? Ndiye muzidabwa kuti munthu alibe nazo chidwi.

Mkulu wa Hardware:
Mwamva? Akuvomera okha. NDINANENA INE.

Mtsikana Wogulitsa:
Ndavomera chiyani? Werengani bwino, madala.

Anambewe:
Amene mukufuna mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ndipezeni ku inbox, timakubweretserani pashopu pomwe, simuvutikanso kutseka.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Zoti abambo aziphika ayi, si mmene tinaleredwera, ndipo amene mwawaseka Mulungu akukhululukireni. Za mayi uja ndinkaganizanso chimodzimodzi, dzana anatuma mwana kudzasintha K5,000 ndisanagulitse kanthu. Kamera ndi ndalama zingati?

Mkulu wa Hardware:
Bwerani ku inbox, ndili nazo zabwino, ndikuikirani ndekha.

Mnyamata wa Kabaza:
Ohoo. Phokoso lonse lija kani ndi malonda kkkk.

Nachisale:
Asisi, mwayankha za abambo, za aneba, za kamera. Mtsikanayo ndi ndani wanu, ndipo mumamulipira?

Wa Salon ku Zingwangwa:
Anachisale, mmene akuzembera apa, ndi mlamu ameneyo. Ndipo salipidwa, amangouzidwa kuti "si ukudya pakhomo pompano."

Mayi Mvano:
Nanga kudya n'kochepa? Mukudziwa mtengo wa thumba la chimanga inu?