Zimene ndapeza pa funso la makina a GeneXpert

Anzanga a kuno ku Salima, ndinafunsa chifukwa chimene makina a GeneXpert amapezera TB m'makhololo amene maikulosikopu sinaonemo kanthu, ndipo katswiri wina wa mu labotale wandifotokozera bwino. Makinawa sadalira kuona kachirombo kathunthu, koma amasaka kachidutswa ka DNA (malangizo achibadwa a chamoyo) kopezeka mwa kachirombo ka chifuwa chachikulu, n'kukachulukitsa kambirimbiri mwa njira ya PCR, potenthetsa ndi kuziziritsa mobwerezabwereza makhololo osakanizidwa ndi mankhwala m'kabokosi kapulasitiki. M'maola pafupifupi awiri amaonetsanso ngati kachiromboko sikakumva mankhwala a TB otchedwa rifampicin. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza njirayi mu 2010. Chondidetsa nkhawa ndi magetsi, chifukwa akazima pakati pa ntchito popanda batire yothandizira, kuyezako kumayambiranso ndi kabokosi katsopano.